Kabonsai ka mugo sikafuna madzi tsiku lililonse

Zikomo bambo athu a ku Manchester potilembera. Mukuti timasamba ta kabonsai kanu ka paini wa mugo tayamba chikasu, chonsecho mumathirira m'mawa uliwonse. Vuto ndi lomwelo, bambo, mizu ikubanika. Mtengowu kwawo ndi kumapiri a Alps ndi Carpathians, pamiyala pomwe madzi sachedwa kutsika. Muzipisa kaye chala m'dothimo. Mukamva chinyontho, dikirani. Pakauma, thirirani mpaka madzi atulukire pansi pa mphika.

Ngati dothi la mumphikamo ndi lomata, mulichotse, muikemo dothi la akadama losakaniza ndi timiyala ta pumice, koma mudikire Julayi kapena Ogasiti. Mukaona zoyera ngati nkhungu pamizu, chonde musatsuke, zimathandiza mtengowo kuyamwa chakudya. Ndipo kabonsaiko kazikhala panja, ngakhale kuzizire.