Ndalama za AGCOM n'zosabweza, koma gulu liyambe lapeza wogula

Anthu ambiri akamva kuti boma likupereka mpamba, amaganiza za ngongole za NEEF. Koma pali thandizo lina lomwe si ngongole: lilibe chiwongola dzanja ndipo silibwezedwa. Lodziwika kwambiri kwa alimi ndi la pulojekiti ya AGCOM, yomwe ili pansi pa Unduna wa Zaulimi. Gawo lake loyamba lidayamba mu 2018 ndi ndalama zokwana madola 95 miliyoni zochokera ku World Bank, ndipo lachiwiri lidayamba mu 2023.

Boma silipereka ndalamazi chifukwa cha chifundo. Soya akagulitsidwa pakhomo kwa mavenda atangokololedwa, mtengo umakhala uli pansi ndipo phindu limapita ndi wogulayo. Soya yemweyo akasungidwa munkhokwe ya gulu, kapena akayengedwa mafuta kumudzi komweko, pamafunika woyendetsa makina, mlonda, wolemba mabuku ndi onyamula matumba. Ntchito zimenezi ndiye zomwe boma likufuna.

N'chifukwa chake thandizoli limapita ku magulu olembetsedwa, monga makopaletivi, osati kwa mlimi payekha. Limagulira katundu wokhalitsa: nkhokwe, thirakitala, ng'ombe zamkaka, makina oyengera mafuta. Alimi a fodya asavutike n'kulemba, poti World Bank sipereka ndalama zolimira fodya.

Masamu ake ali motere. Pa K100 iliyonse yomwe ntchitoyo ikufuna, pulojekiti imapereka K70 ndipo gulu limasonkha K30. Mwa K30 imeneyi, K10 iyenera kukhala ndalama zenizeni, pomwe yotsalayo itha kukhala zinthu monga zipangizo zomangira. Tiyerekeze gulu la anthu 200 lomwe likufuna nkhokwe ndi makina a K100 miliyoni. Liyenera kupeza K10 miliyoni, kutanthauza K50,000 membala aliyense. Papepala ndalamayi ikuoneka yochepa, koma kuitolera mu Januwale, chimanga chitatha m'nyumba ndipo fizi ya ana ikudikira, ndi nkhani ina. Gulu lochenjera limayamba kusonkha nthawi yokolola, kalata yovomereza isanabwere n'komwe.

Chachikulu koposa ndi wogula. AGCOM imafuna kuti gulu likhale pa mgwirizano ndi kampani kapena wamalonda yemwe wavomera kugula zokolola zake. Kalata yongoti “tidzagula” ndi yopepuka. Mgwirizano wabwino umanena matani angati, mbewu ya mtundu wanji, youma motani, mtengo udzapangidwa bwanji, komanso ndani adzalipire galimoto. Apa gulu lisanamizire kuti lili ndi matani 300 pomwe chaka chatha lidasonkhanitsa 80. Wogula akakhumudwa kamodzi sabweranso, ndipo nkhokwe yatsopano ija imasanduka mogona mileme.

Kapemphedwe kake kamayamba pulojekiti ikalengeza kuti yatsegula. Gulu limatumiza kalata yachidule yofotokoza ganizo lake, ndipo likadutsa pamenepo limalemba dongosolo lonse la bizinesi. Ndalama zimabwera m'magawo, gawo lotsatira limadikira kuti loyamba lioneke momwe lagwirira ntchito. Choncho msungichuma asunge lisiti iliyonse, ngakhale ya misomali. Munthu wofika pamudzi n'kumati “mundipatse kangachepe ndikudutsitseni” akanidwe pomwepo, ndipo atsogoleri a gulu akafunse okha kwa alangizi kapena ku ofesi ya zaulimi ya boma lawo.