Zambezi Sadziwa za Kuchenjera kwa mu Tauni

Tchuthi cha Pasaka chikafika, anthu ambiri a mu Lusaka amakwera basi pa Intercity kupita ku Livingstone kukaona mathithi a Mosi-oa-Tunya. Nyengo imeneyi Zambezi amakhala atadzaza. Madzi akagwera m'phompho lozama mamita oposa 100, nthunzi imakwera n'kubwerera pansi ngati mvula. Ndiyo imathirira nkhalango yobiriwira ya m'mphepete mwa phompho, ndipo ndi yomweyo imene imameretsa ndere pamiyala.

Mnyamata wina wa ku Kabwata anapitako ndi amalume ake a ku Chelstone. Anakula akudumpha ngalande ndi kuzemba maminibasi mu Cairo Road, choncho miyendo yake ankaikhulupirira kwambiri. Atawoloka kamlatho ka Knife-Edge, anaona mwala kunja kwa kanjira pomwe utawaleza unkaoneka bwino. Anatulutsa foni.

"Mphwanga, bwerera kuno. Anaika malirewa si opusa," anatero amalume.

"Amalume, musade nkhawa. Chithunzi chimodzi chokha."

Anaponda kamodzi, kachiwiri, nsapato inaterereka. Foni inapita m'phompho. Iye anagwira muzu wa chitsamba akukuwa, koma mkokomo wa madzi unameza mawu ake. Amalumewo ndi alendo ena anachita kugona chafufumimba kuti amukoke. Mnyamatayo anabwerera ku Lusaka mwendo uli m'chikhakha, ndipo ndalama za sukulu zinathera kuchipatala. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Musaleke kupitako chifukwa cha nkhaniyi. Malowa ndi chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo bungwe la UNESCO linawazindikira mu 1989. Koma pitani modzichepetsa. Valani nsapato zogwira pansi, osati zoyendera ku Manda Hill. Ana agwireni padzanja. Potsikira ku Boiling Pot, chakudya chibisike m'chikwama, chifukwa anyani a kumeneko anazolowera kulanda ndipo amaluma. Kumtunda kwa mathithi madzi amaoneka odekha, koma amakoka mwamphamvu, ndiye musaviikemo ngakhale phazi. Dziwe la Devil's Pool limene mumaona pa Facebook anthu amasambamo madzi akaphwa, ali ndi owatsogolera odziwa mwala uliwonse.

Pamene pali chitsulo kapena chikwangwani, imani pomwepo. Mathithi amaonekabe bwino muli m'kanjira, ndipo kunyumba akudikira kuti mukawafotokozere nokha zimene mwaona.