GITALA YA MAGETSI M'KALASI: PHUNZIRO LA MAGINITO NDI LIWU

Mawu Oyamba

Aphunzitsi ambiri amadandaula kuti mutu wa maginito ndi magetsi ngwovuta kuphunzitsa chifukwa sukulu zathu zilibe zipangizo. Ifenso tinali ndi dandaulo lomwelo, kufikira tsiku limene tinakayendera ophunzira athu amene ankayeserera kuphunzitsa pa sukulu ina m'dera la Mfumu Kalembo, kufupi ndi Ulongwe, pa msewu wa Liwonde ndi Mangochi. Kumeneko tinapeza gitala ya magetsi ya kwaya ina itangotsamizidwa pakhoma. Eni ake anati ikalumikizidwa ku ampulifaya imachita phokoso longa la njuchi, ndipo anali atayamba kale kusonkha ndalama zokagulira pikapu yatsopano ku Blantyre. Tinaibwereka gitalayo, tinaloŵa nayo m'kalasi, ndipo zimene tinaphunzira n'zimene talemba pano.

Ana a dera lino gitala amaidziŵa bwino. Dziko la Kalembo linali m'boma la Machinga mpaka 1998 pamene Balaka inakhala boma palokha, ndipo Balaka ndi kwawo kwa Alleluya Band, imene inayamba mu 1978, kwawo kwa Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda, amene anatisiya mu 2024. Anyamata oŵeta mbuzi amadzipangira magitala a chitini cha galoni. Mphunzitsi wanzeru amayambira pa zimene ana akudziŵa kale.

Cholinga ndi Zipangizo

Pakutha pa phunziro, ana athe kufotokoza mmene nsambo yonjenjemera imapangira magetsi, kusiyanitsa mitundu iŵiri ya pikapu, ndi kunena ntchito ya chopotokola chosinthira liwu, chimene oimba amati toni. Tifunika gitala, ampulifaya yaing'ono ya mabatire, sikuludiraiva, maginito a m'sipika yakufa, bawuti yachitsulo, waya wamkuwa wopyapyala wa m'thiransifoma ya wailesi yakale, ndi twaini wa asodzi.

Mmene Pikapu Imagwirira Ntchito

Ana akamva dzina loti pikapu amaseka, poganiza kuti tikunena galimoto. Tiŵaonetse kachida kamene kali pansi pa nsambo, tiŵauze kuti m'kati mwake muli maginito okulungidwa ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi, maulendo pafupifupi 8,000. Nsambo yachitsulo ikamanjenjemera pamwamba pa maginito, mphamvu ya maginito yodutsa m'wayamo imasinthasintha, ndipo m'waya mumabadwa magetsi ochepa zedi otsata kunjenjemera kwa nsambo. Nsambo yachisanu, ikalizidwa yosadinidwa, imanjenjemera maulendo 110 pa sekondi, ndipo magetsinso amapita uku ndi uku maulendo 110. Ampulifaya imangokuza magetsiwo ndi kuŵatumiza ku sipika. Lamulo limeneli analitulukira ndi Michael Faraday mu 1831, ndipo patapita zaka ngati 100 George Beauchamp wa ku America analigwiritsa ntchito pa gitala.

Tisangonena ndi pakamwa. Mwana mmodzi aimbe mokweza pafupi ndi pikapu: sipika sibwereza mawu ake. Wina agunditse sikuludiraiva pa maginito pang'onopang'ono: sipika igunda. Kenaka timange twaini pamwamba pa pikapu ndi kumuliza: zii. Apa ana adziŵa okha kuti pikapu simamva liwu monga khutu; imamva chitsulo choyenda.

Kusankha Pikapu

Funso loyamba posankha pikapu si la mtengo, koma la nsambo. Gitala ya galoni imene nsambo zake n'za waya wa mabuleki a njinga ingathe kulira ndi pikapu ya maginito. Ya nsambo za twaini imafuna kambale kopyapyala kotchedwa piezo, kamene kamamatidwa pa thupi la gitala ndi kumva kunjenjemera kwa thupilo.

Funso lachiŵiri ndi la liwu limene tikufuna ndi malo oimbiramo. Pikapu ya nkhata imodzi ya waya, yonga ya pa Fender Stratocaster imene inatuluka mu 1954, imapereka liwu loŵala ndi lakuthwa, lomveka nsambo imodziimodzi. Vuto lake n'lakuti imatolanso phokoso la magetsi a m'nyumba, amene kuno ku Malaŵi amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi. Pikapu ya nkhata ziŵiri, yotchedwa humbucker, anaikonza ndi Seth Lover wa kampani ya Gibson mu 1955. Nkhata zake n'zolumikizidwa motembenuzana, maginito akenso n'ngotembenuzana, kotero kuti phokoso lochokera kunja limafafanizana, pamene magetsi a nsambo amaphatikizana. Liwu lake n'lonenepa ndi lamphamvu, koma siliŵala ngati la inzake. Woimba m'tchalitchi momwe muli mawaya ambiri angapindule ndi humbucker. Wofuna kuti nsambo zing'onozing'ono zizimveka pamwamba pa ng'oma angakonde ya nkhata imodzi. Palibe yoposa inzake pa zonse.

Tisanagule, tiyese zinthu ziŵiri zaulere. Choyamba ndi malo: pikapu ya kufupi ndi khosi la gitala imapereka liwu lofeŵa, ya kufupi ndi pomangirira nsambo lakuthwa. Chachiŵiri ndi mpata: tidine nsambo pa mzere wotsiriza wa khosi, ndipo pakati pa nsambo ndi maginito pakhale mamilimita 2 kapena 3. Mpata ukachepetsa, maginito amakoka nsambo, liwu nkumazima msanga.

Mawaya a Toni

Ana ambiri, ngakhale oimba ena, amaganiza kuti toni imawonjezera liwu lalikulu. Zoona zake n'zakuti simawonjezera kanthu, imachotsa. Titsegule chivundikiro cha gitala, ana aone kuseri kwa chopotokola. Pali kachitini kotchedwa potentiometer, kamene kamatsekereza magetsi mochuluka kapena mochepa malinga ndi mmene tapotokolera. Pa mwendo wake pali kapasita, ndipo mwendo wina wa kapasitayo ngwowotcherera ku waya wa pansi, umene amisiri amati ethi. Kapasita imalola magetsi osinthasintha mofulumira, amene ndi a liwu lakuthwa, kudutsa mosavuta, koma imakaniza oyenda pang'onopang'ono.

Fanizo la mlimi wa m'dimba limathandiza. Ngalande yaikulu ikupita ku munda, ndipo pambali pake pali kangalande kotayira madzi, kokhala ndi chitseko. Toni ikakhala pa 10, chitseko chatsala pang'ono kutsekeratu, ndipo liwu lonse likufika ku ampulifaya. Tikamabwezera ku 0, chitseko chikutseguka, liwu lakuthwa likutayikira ku ethi, ndipo lotsalalo likumveka logonthera.

Ziŵerengero zofunika nzoŵerengeka. Pikapu ya nkhata imodzi kaŵirikaŵiri imayenda ndi potentiometer ya ma ohm 250,000, yolembedwa 250K, imene imachepetsako ukali wake; humbucker imayenda ndi ya 500K kuti isagonthere. Makapasita ofala ndi a 0.022 ndi 0.047 microfarad, ndipo yaikuluyo imataya liwu lakuthwa lochuluka. Choncho wosintha pikapu ayenera kuyang'ananso tizida tiŵiriti, apo ayi adzanyoza pikapu yabwino popanda chifukwa. Ndiponso nthaŵi zina kusintha kapasita yokha, imene mtengo wake ngwochepa, kumapereka liwu limene munthu ankafuna.

Zimene Zinachitika M'kalasi

Tinagaŵa ana m'magulu. Gulu lirilonse linakulunga waya pa bawuti maulendo mazana angapo, linapala nsonga za wayayo, linamata bawuti pa maginito a sipika, ndi kuika chidacho pansi pa nsambo ya gitala ya galoni. Liwu linali laling'ono, koma linamveka, ndipo ana anakuwa ndi chimwemwe. Gulu limene linakulunga kwambiri linapeza liwu lamphamvu koposa.

Kenaka tinabwerera ku gitala ya kwaya. Tinaikira ana lamulo limodzi: sinthani chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi, mverani, lembani. Anasintha chingwe, phokoso silinathe. Anasuntha swichi kuchoka pa pikapu ina kupita pa ina. Phokoso linali lomwelo, chizindikiro chakuti vuto silinali m'pikapu imodzi. Ndipo mtsikana wina anakweza mkono nati, "Aphunzitsi, ndikagwira chitsulo cha pamene paloŵa chingwe njuchi zikuleka, koma ndikagwira nsambo sizikuleka." Mwanayo anali atapeza matenda. Pa gitala yabwino nsambo zimalumikizidwa ku ethi ndi kawaya kochokera pomangirira nsambo, ndipo kugwira nsambo kumachepetsa phokoso. Titayang'anitsitsa tinapeza kawayako katathothoka. Mmisiri wokonza mawailesi pa msika anakawotcherera mwa kanthaŵi kochepa, ndipo ndalama za kwaya zinagula nsambo zatsopano. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chenjezo

Magetsi a m'gitala n'ngochepa, sangapweteke mwana. Koma ampulifaya yolumikiza kukhoma imalandira mavoti 230, ndipo makapasita ake amasunga mphamvu ngakhale itazimitsidwa. Tisaitsegule m'kalasi. Chowotcherera mawaya chigwidwe ndi munthu wamkulu yekha. Ndipo tisanachotse waya aliyense pa gitala yobwereka, ana ajambule m'makope mwawo mmene mawaya onse aliri, kuti tikabweze chinthu cha eni chili chamoyo.

Mafunso Okambirana

1. Chifukwa chiyani nsambo ya twaini simveka pa pikapu ya maginito?
2. Woimba akudandaula kuti gitala yake ikulira mokuthwa kwambiri. Tchulani zinthu zitatu zimene angayese asanagule pikapu ina.
3. Kodi ndi zipangizo ziti za m'mudzi mwanu zimene zili ndi maginito ndi nkhata ya waya m'kati mwake?
4. Lamulo la kusintha chinthu chimodzi pa nthaŵi imodzi lingagwire ntchito bwanji pa phunziro la ulimi?