Dziko la Morocco ndi Boma Lake

Morocco ndi dziko limene lili pa ngodya ya Africa, kumpoto chakumadzulo. Kumadzulo kwake kuli nyanja yaikulu ya Atlantic, kumpoto kuli nyanja ya Mediterranean, ndipo kum'mawa kuli dziko la Algeria. Pa Gibraltar nyanja njopapatiza kwambiri, mailosi 9 okha, kotero kuti munthu ataima pa gombe la Morocco amaona mapiri a ku Spain, ku Ulaya.

Pakati pa dzikoli padutsa mapiri a Atlas ngati msana. Lalitali koposa ndi Toubkal, mafiti 13,671, pamene Sapitwa wa ku Mulanje safika mafiti 10,000. Mapiri amenewa ndiwo amagawa mvula. Mitambo yochokera kunyanja imakhuthula madzi ake mbali ya kumadzulo, ndipo kumeneko mitsinje ya Sebou ndi Oum Er-Rbia imathirira zigwa za tirigu, barele, azitona ndi malalanje. Mvula yake imagwa nyengo yozizira. Kuseri kwa mapiri nkouma, ndipo chipululu cha Sahara chiyambira komweko. Likulu la Boma ndi Rabat, koma mzinda waukulu wa malonda ndi Casablanca.

Eni nthaka akalekale ndi a Berber, amene amadzitcha okha Amazigh. Aluya anafika kumapeto kwa zaka za m'ma 600, nabweretsa Chisilamu ndi Chiarabu. Mitundu iwiriyi inakwatirana ndi kusakanizika, makamaka m'mizinda ndi m'zigwa, koma anthu a m'mapiri anasunga chilankhulo chao cha Tamazight. Boma linachivomereza kukhala chilankhulo cha dziko, pamodzi ndi Chiarabu, m'chaka cha 2011. Kunali kuchedwa ndithu.

Mu 1912 France anatenga dzikoli m'manja mwake, Spain natengako chigawo. Afalansa anathamangitsa Sultan Mohammed V mu 1953 chifukwa anali kumbali ya ofuna ufulu, koma anthu sanagonje. Iye anabwerera mu 1955, ndipo ufulu unadza mu 1956. Mdzukulu wake, Mohammed VI, analowa ufumu mu 1999.

Nyumba za Malamulo zilipo ziwiri. Yoyamba ili ndi aphungu 395, osankhidwa ndi anthu onse pa zaka zisanu zilizonse. Yachiwiri ili ndi aphungu 120, osankhidwa ndi makhansala a m'zigawo, mabungwe a antchito ndi a zamalonda; iwowa amakhala zaka zisanu ndi chimodzi. Malamulo a 2011, amene analembedwa anthu atachita zionetsero m'mizinda, alamula Mfumu kusankha mtsogoleri wa Boma m'chipani chimene chapeza mipando yambiri m'Nyumba yoyamba.

Komabe ana a sukulu asaganize kuti Mfumu ya Morocco ili ngati ya ku Mangalande, imene imangosaina zomwe nduna zagwirizana. Iyi ndi mkulu wa asilikali ndiponso mtsogoleri wa Asilamu a m'dzikomo. Imakhala pampando pamene nduna zikambirana nkhani zikuluzikulu, ndipo ili ndi mphamvu yothetsa Nyumba za Malamulo. Dziko linagawidwa m'zigawo 12 mu 2015. Chigawo chilichonse chili ndi khonsolo yosankhidwa ndi anthu, koma pambali pake pamakhala bwanamkubwa wotchedwa wali, amene amaikidwa ndi Mfumu.