Kodi Nkwabwino Kutsuka Ndalama Zakale?

Pa sukulu pano taphunzira kuti ukhondo ndiwo moyo. Loweruka lililonse timachapa ndi kukolopa m'nyumba zogona, ndipo kwathu amai salola kuti mphika ugone wosakwecha. Koma chilipo chinthu chimodzi chimene chimaonongeka munthu akachitsuka, ndicho ndalama yachitsulo yakale. Nkhaniyi inautsa mkangano pakati pa anthu osunga ndalama zakale ndi akatswiri amene nchito yao ndi kuziyesa. Ndaganiza kuti tiikambe m'magazini yathu ino, popeza muli mbiri ndi sayansi yomwe.

Ndalama zimene zili m'nyumba zathu

Kwathu ku Chilomoni, m'munsi mwa phiri la Michiru, mabanja ena akali ndi kachitini m'mene agogo anasungamo ndalama zimene zinaleka kugwira nchito. Zambiri ndi za nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zimene zinayamba kusulidwa mu 1955. Khobidi lake ndi lamkuwa, loboola pakati, ndipo lili ndi njovu ziwiri. Pa tiki pali duwa, pa sheleni pali mphalapala, ndipo pa ndalama ya masheleni awiri pali nkhwazi itagwira nsomba. Zina ndi za 1964, chaka cha ufulu, zokhala ndi nkhope ya Dr. Kamuzu Banda: tambala pa sikisi, chimanga pa sheleni, njovu pa masheleni awiri. Kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa zimenezi mu 1971, ndipo Kwacha imodzi inali masheleni khumi. Amwai amapezamo ndalama za ku Southern Rhodesia zimene zinkayendanso muno. Izi, kuyambira 1932 kufikira 1946, zinali ndi siliva m'kati mwake, kupatula makhobidi. Kuyambira 1947 anazisula ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo.

Chifukwa chiani ndalama isintha mtundu?

Mu mpweya, m'mapepala ena, m'nsalu ndi m'mphira muli sulufule pang'ono. Sulufule akakomana ndi siliva amapanga kachikutu kopyapyala kwambiri pamwamba pa ndalama. Kachikutuko kakayamba kamaoneka kachikasu. Kakamakula kamafiira, kenaka kamabiriwira ngati thambo, ndipo potsiriza kamada bii. Mitundu imeneyi imabwera monga momwe dontho la mafuta a galimoto lionetsera utawaleza pa chithaphwi. Mkuwa nawo umatuluka kosulira uli wofiira psuu, ndipo mpweya umaudetsa pang'onopang'ono mpaka ufanane ndi chikopa cha nsapato.

Palinso china. Ndalama ikamadindidwa, chitsulo chimafinyika nkumwazikira m'mphepete, ndipo chimasiya timizere tosaoneka ndi maso. Timizereto nditimene timachititsa kuti ndalama yatsopano inyezimire mozungulira mukamaipendeketsa pa dzuwa. Munthu akaikwecha ndi phulusa, mchenga kapena Brasso, amapala timizereto nasiya zokanda zake. Ndalamayo imawala ndithu, koma katswiri akaiyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu amaona msanga kuti ndi chikomekome cha mkuyu.

Akatswiri oyesa ndalama

Mu 1949 munthu wina wa ku America, dzina lake William Sheldon, anakonza muyeso wopatsira ndalama malikisi kuyambira 1 kufikira 70. Lero ndalama yoperepeseka kwambiri imalandira 1, ndipo imene sinayendepo m'manja mwa anthu imalandira 60 kapena kuposa. Pambuyo pake kunabadwa makampani ochita nchitoyi, ndipo akulu awiri ndi PCGS, ya mu 1986, ndi NGC, ya mu 1987, onse a ku America. Mwini ndalama amalipira, natumiza ndalama yake. Akatswiri amaona ngati ili yeniyeni, amaipatsa malikisi, ndipo amaitsekera m'kabokosi ka pulasitiki koonekera m'kati. Koma akaona kuti inakwechedwa, kapena kuti mtundu wake unachita kupangidwa dala, saipatsa nambala iai. Amangolemba chilema chake, ndipo mtengo umatsika kwambiri. Zili ngati wophunzira amene pepala lake labwerako lopanda malikisi, atangolembapo kuti anaonera.

Kukayika kwao kuli ndi chifukwa. Ku America madola ambiri asiliva ochedwa Morgan, amene anayamba kusulidwa mu 1878, anakhala zaka makumi angapo m'matumba ansalu m'nyumba za boma zosungira chuma. Sulufule wa m'nsaluzo anapaka ena mitundu ya utawaleza, ndipo ogula amawalipirira koposa anzao oyera. Achinyengo ataona zimenezi anayamba kuotcha ndalama, kuziviika m'mankhwala, ngakhale kuzitsekera pamodzi ndi dzira lophika, popeza nalo limatulutsa sulufule.

Pamene pagona mkangano

Osunga ndalama ali ndi madandaulo atatu. Loyamba, amati kachikutu kopangika m'zaka makumi atatu ndi kopangika m'masiku atatu ndi mankhwala amodzimodzi. Wina anaiwala ndalama m'envulopu. Mnzake anaiikamo dala kuti isinthe. Kodi katswiri angaone bwanji mumtima mwa munthu poyang'ana chitsulo? Motero ndalama zosalakwa zimakanidwa nthawi zina.

Lachiwiri, amati chigamulo chimasinthasintha. Alipo amene amaswa kabokosi natumizanso ndalama yomwe ija, ndipo nthawi zina imabwerako ndi nambala pamene poyamba inakanidwa.

Lachitatu ndilo liwawa kwambiri. Ndalama yasiliva yoviikidwa kamphindi m'mankhwala oyeretsera kawirikawiri imalandiridwa, ngakhale kuti nako ndi kutsuka. Ndiponso makampani omwewo amayeretsa ndalama munthu akalipira. NGC ili ndi nthambi ya nchitoyi, yochedwa NCS, imene inayamba mu 2001. Tsono osunga ndalama amafunsa kuti, "Bwanji ife tikatsuka mumati taononga, koma inu mukatsuka mumati mwakonza?"

Akatswiri nao ali ndi yankho. Amati maso amene aona ndalama zikwizikwi amazindikira kuti mtundu wachilengedwe umatsata dongosolo lake ndipo umasiyana pa malo okwera ndi otsika a chithunzi, pamene wopangidwa dala umakhala ngati utoto wothiridwa pamwamba. Amatinso kuchotsa litsiro ndi kwina, kupala chitsulo ndi kwina. Pomaliza amakumbutsa kuti wogula wa kutali, amene sanagwire ndalamayo ndi manja ake, amakhulupirira nambala yao; akalekerera, ndiye abedwa.

Ine ndiganiza kuti mbali zonse ziwiri zili ndi zoona. Oyesa ndi ofunika monga afunikira ochonga mayeso athu, koma nao ndi anthu, ndipo pa nkhani ya mtundu amagamula ndi maso, osati ndi sikelo. Komabe tizindikire ichi: chigamulo cha katswiri chikhoza kusintha mawa, koma chitsulo chimene chapalidwa sichibwerera. Madzi akatayika saoleka.

Pa tchuthi chapitachi mnyamata wina woyandikana nafe anapeza ndalama yasiliva ya masheleni awiri m'sutikesi ya malemu agogo ake. Anaikwecha ndi phulusa ndi ndimu, napita nayo kwa wogula wina mu tauni. Wogulayo anamuuza kuti angolipira kulemera kwa siliva kokha. Agogo anga atamva anapukusa mutu nati kwa ine, "Mdzukulu wanga, imvi sachapa. Ndizo zimachitira umboni kuti munthu wakhalitsa." Ine ndinati, "Zoonadi agogo, ndipo ndikaona ngati ndalama nayo ili ndi imvi zake."

Kodi tizitumiza ndalama zathu kunja?

Kawirikawiri iai. Makhobidi a Chitaganya anasulidwa mamiliyoni, ndipo malipiro a kampani pamodzi ndi mtengo wotumizira ziposa kutali mtengo wa khobidi loperepeseka. Nambala ya pa kabokosi isatitenge mtima. Ku South Africa, mu 2008, anatulutsa ndalama ya R5 yokumbukira kuti Nelson Mandela wakwanitsa zaka 90. Zambiri zinatsekeredwa m'timabokosi nkumagulitsidwa pa mitengo yokwera chifukwa cha nambala, chikhalirecho zinasulidwa mamiliyoni. Chuma chachikulu cha m'kachitini ka agogo ndi mbiri: chimene khobidi lija linkagula, ndi thukuta limene anakhetsa kuti alipeze.

Zoyenera kukumbukira

1. Musakweche ndalama yakale ndi chinthu chilichonse. Ngati ili ndi matope, iviikeni m'madzi oyera, ndipo muiumitse poigunditsa pa nsalu yofewa, osapukuta.

2. Muziigwira m'mphepete, popeza thukuta la zala limasiya chidindo chosachoka.

3. Isungeni pouma, iliyonse payokha, kutali ndi mphira ndi pulasitiki wofewa amene amasiya zobiriwira.

4. Lembani chaka chake, dziko lake ndi zimene akulu akuuzani za iyo, akali moyo.

5. Phunzirani kuyang'ana nokha. Tengani tizidutswa tiwiri ta waya wamkuwa wakale. Kamodzi mukakweche ndi phulusa, kenako mukasiye. Pemphani galasi lokulitsa zinthu kwa aphunzitsi a sayansi, ndipo muone kusiyana kwake. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono anzanga, mukapita ku tchuthi pemphani agogo mwaulemu kuti akutsegulireni kachitini kaja. Mukwecheko miphika, koma makhobidi muwasiye ndi mtundu wao.

Ndatha ine mnzanu wa Folomu 3, wa ku Chilomoni.