Kusankha Mpando wa Mwana wa M'galimoto

Masiku ano magalimoto achuluka, makamaka aja ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan. Mwina inu muli nayo. Mwina ali nayo ndi mwana wanu wa m'tauni, ndipo mdzukulu wanu amakweramo. Mwinanso ndinu dalaivala kapena mlezi, ndipo mwana wa eni ali m'manja mwanu tsiku ndi tsiku. Phunziro ili ndi lanu nonsenu.

Manja sakwanira

Ife tidazolowera kubereka mwana kumbuyo ndi kumufukata pamiyendo. Poyenda pansi ndi bwino ndithu. M'galimoto zimasiyana. Galimoto ikagunda chinthu imaima mwadzidzidzi, koma zonse za m'katimo zimapitirirabe kutsogolo. Ngati imathamanga makilomita 50 pa ola, kugundako nchimodzimodzi kugwa kuchokera mumtengo wotalika mamita 10. Pa kanthawi kameneko mwana wa makilogalamu 10 amakoka manja anu ngati matumba angapo a chimanga. Palibe mayi angamugwire, ngakhale bambo wamphamvu chotani. Mwana amachoka m'manja nkukamenya galasi.

Ena amadzimanga lamba mmodzi pamodzi ndi mwana. Apa ndiye poopsa zedi, chifukwa thupi la wamkulu limapanikiza mwana pa lambayo. Kumumanga yekha lamba wa galimoto sikuthandizanso kwenikweni. Lambayo adapangira munthu wamkulu. Kwa mwana wamng'ono amadutsa pakhosi ndi pamimba. Nchifukwa chake mwana amafunika mpando wakewake. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, lidakhala lamulo mu 2015 kuti mwana wosakwana zaka 3 aziyenda ali mumpando wotere.

Mpando wotembenuka

Mipando ya ana ilipo ya mitundu ingapo. Ulipo wa khanda, wooneka ngati dengu, wokhala ndi chogwirira. Umenewu umamuchepera mwana msanga, akamafika makilogalamu 13. Ulipo wa mwana wa msinkhu wa kusukulu, wongomukweza kuti lamba wa galimoto amukhale bwino. Umene tikuphunzira lero ndi wotembenuka. M'sitolo mudzaona atalembapo mawu akuti convertible. Mwana akali wamng'ono, mpandowu umamangidwa choyang'ana kumbuyo kwa galimoto. Akakula mumaumasula nkuutembenuza kuti uyang'ane kutsogolo. Mukagula kamodzi mumagwiritsa ntchito zaka zingapo, ndiye ndalama simutaya kawiri.

Chifukwa chiyani ayang'ane kumbuyo?

Kodi mukanyamula khanda, bwanji mumachirikiza mutu wake ndi dzanja? Mukudziwa kale yankho. Mutu wa khanda ndi waukulu ndiponso wolemera. Tikagawa kulemera kwa thupi lake panayi, gawo limodzi ndi mutu wokha. Pomwe khosi ndi lanthete, mafupa ake sadakhwime. Amatenga zaka kuti akhwime.

Tsono taganizani mwana wotere atayang'ana kutsogolo, galimoto nkugunda. Malamba agwira chifuwa, koma mutu wolemera uja waponyedwa kutsogolo. Chougwira ndi khosi lokha. Msana ukhoza kuvulala pakhosipo, mwana nkufa kapena kupuwala moyo wake wonse.

Taganizaninso mwana yemweyo atayang'ana kumbuyo. Galimoto ikagunda, mutu, khosi ndi msana zimakanikizika pa mpando nthawi imodzi. Mpando umamuwakha monga goloboyi awakhira mpira pachifuwa. Mphamvu ya kugundako imagawanika pa msana wonse, siigwera malo amodzi. Ngozi zambiri zoopsa zimakhala zogunda chakutsogolo, choncho kakhalidwe kameneka kamateteza pamene pafunikadi.

Nzeruyi idachokera ku Sweden. Dokotala wina dzina lake Bertil Aldman adaona kuti anthu opita mumlengalenga amagona chagada pamene chombo chawo chikunyamuka, kuti msana wonse ulandire mphamvuyo. Iye adati mwananso atetezedwe chomwecho, ndipo mu 1964 adapanga mpando woyang'ana kumbuyo. Kufikira lero makolo a ku Sweden amasiya ana awo choyang'ana kumbuyo mpaka zaka 4. Lamulo la ku Ulaya la mu 2013, lotchedwa R129, limati mwana asatembenuzidwe asanakwane miyezi 15. Miyezi 15 imeneyo ndi poyambira chabe. Kupitirira apo ndiye kwabwino.

Mwina mukuti, "Nanga miyendo yake aiika kuti?" Musade nkhawa. Mwana amaipinda monga achitira pamkeka akamasewera, ndipo samva kupweteka. Makolo ndi amene amavutika mtima poona, osati mwini wakeyo.

Popita kukagula

Tengani buku la mwana la kusikelo. M'menemo muli kulemera kwake. Muyezeninso kutalika ndi tepi ya telala. Manambala awiri amenewa ndi ofunika kuposa zaka zake, pakuti ana obadwa mwezi umodzi sakula mofanana.

Mukafika, musayambe ndi kuona mtundu wa nsalu. Tembenuzani mpando, mufune kapepala komata ka mtundu wa lalanje. Pamakhala chilembo E m'kati mwa kamzere kozungulira, ndi mawu akuti R44 kapena R129. Kapepalaka kakusonyeza kuti mpando wa mtundu umenewo udayesedwa. Wa R44 amalembapo makilogalamu, monga 0-18 kg. Wa R129 amalembapo masentimita, monga 40-105 cm. Mwana wotalika masentimita 105 amakhala wa zaka 4 kapena kuyandikira apo.

Apa pali pobisika. Mipando iwiri ikhoza kulembedwa 0-18 kg yonse, koma wina nkumalola mwana kuyang'ana kumbuyo mpaka makilogalamu 10 kapena 13 okha, pomwe wina mpaka 18. Funsani wogulitsa kuti, "Choyang'ana kumbuyo, mpandowu umalekeza pati?" Akayankha, muuzeni akuonetseni pamene palembedwa, muwerenge nokha. Paja safunsa adadya phula. Sankhani umene nambala yake ndi yaikulu. Ilipo ina yofika makilogalamu 25.

Pitani ndi galimoto yomweyo, mpando muuyese musanapereke ndalama. Mpando woyang'ana kumbuyo umadya malo, ndipo m'galimoto yaing'ono mwina sukwana. Umamangidwa m'njira ziwiri. Ina imamangidwa ndi lamba wa galimoto. Ina ili ndi zokowera zolumikiza ku tizitsulo tiwiri totchedwa ISOFIX. Pisani zala pa mpando wakumbuyo wa galimoto, pamene pokhalira pakumana ndi potsamira. Ngati tizitsulo tilipo mutikhudza. Magalimoto akalekale alibe, choncho eni ake agule mpando womanga ndi lamba. Njira zonse ziwiri ndi zabwino, bola kumanga molondola. Mukamanga, gwirani mpando chapansi pamene wamangidwapo nkuugwedeza. Usasunthe kupitirira masentimita awiri ndi theka.

Nanga wa pakaunjika?

Mpando watsopano ndi wodula, tisanamizane. Ambiri amathamangira wogwiritsidwa kale ntchito. Vuto lake ndi lakuti mpando umene udachitapo ngozi umakhala ndi ming'alu m'kati imene maso saona. Kunja ukuoneka bwinobwino, koma pa ngozi yachiwiri ukhoza kusweka. Pulasitiki imafookanso ndi zaka ndi dzuwa. Opanga ambiri amati mpando ugwire ntchito zaka 6 mpaka 10, ndipo chaka chimene udapangidwa amachidinda pansi kapena kumbuyo kwake.

Ngati ndalama zavuta, landirani kapena gulani kwa m'bale kapena mnzanu amene angakuuzeni zoona za mbiri yake. Onani kuti malamba sadaperepeseke, chomangira chikulira kuti "kha" mukatseka, ndipo kabuku ka malangizo kalipo. Mpando watsopano wotchipa wokhala ndi kapepala kaja ukuposa wokongola umene simukudziwa kumene wachokera.

Kumanga mwana

Malo a mwana ndi kumbuyo. Magalimoto ambiri ali ndi thumba la mpweya kutsogolo lotchedwa airbag. Pa ngozi limafufuma mwamphamvu kwambiri, ndipo likamenya mpando woyang'ana kumbuyo likhoza kupha mwana. Musaike mpando wotere patsogolo pa thumba limeneli.

Mwana akayang'ana kumbuyo, malamba atulukire molingana ndi mapewa kapena m'munsi pang'ono. Akadzayang'ana kutsogolo, atulukire molingana ndi mapewa kapena m'mwamba pang'ono. Ndiye kuti mwana akamakula muzikweza malambawo. Muwakoke mpaka agwire. Yesani kutsina lamba paphewa. Ngati zala zanu zautsina nkuupinda, ndiye kuti ngwokhwepa, kokaninso.

M'nyengo yozizira ya June ndi July, muvuleni jekete lokhuthala musanamumange, chifukwa limasiya mpata pakati pa lamba ndi thupi. Mumangeni kaye, kenako mumufunditse bulangete pamwamba. M'nyengo yotentha ya October chitsulo cha chomangira chimaotcha ngati chiwaya. Mukaimika galimoto padzuwa, phimbani mpando ndi chitenje. Mwanayo tulukani naye, musamusiye m'galimoto ngakhale kanthawi kochepa.

Tsiku lotembenuza

Musatembenuze mpando chifukwa choti mwana wayamba kuyenda, kapena chifukwa anzake adatembenuzidwa kale. Dikirani afike pa nambala ija ya makilogalamu kapena masentimita, kapena mutu wake ufike pamene kabuku kanena, chakumapeto kwa mpando kumwamba. Chimene chayamba kufika pa zimenezi, tsiku ndi lomwelo. Potembenuza werenganinso kabuku, chifukwa lamba wa galimoto amadutsa njira ina mpando ukayang'ana kutsogolo. Mpandowu ukadzamuchepera, mwana apite pa wongomukweza uja. Ku Britain amakhalapo mpaka atakwana zaka 12 kapena kutalika masentimita 135.

Yesani izi

1. Mpando walembedwa kuti choyang'ana kumbuyo umalekeza pa 18 kg. Mwana akulemera makilogalamu 12 ndipo ali ndi zaka ziwiri. Kodi ayang'ane kuti?

2. Tengani buku la kusikelo la mwana wa kwanu. Lembani m'kope lanu kulemera kwake kwa mwezi watha. Muyezeni kutalika, mulembenso.

3. Lembani funso limene mukafunse wogulitsa mipando.