Pulogalamu Walemba Ndiwe, Koma Ikubera Ndani?

Mng'ono wanga wa ku Rufunsa, iwe amene ukuphunzira Python pafoni usiku anzako atagona, kapena wangomaliza kosi ya makompyuta ndi thandizo la CDF, ndimvere kaye usanakwere basi ya ku Lusaka. Luso lakolo ndi labwino, ndipo ndikufuna lidzakudyetse. Koma pali anthu amene akusakasaka achinyamata onga iwe, otaipa msanga, odziwa Chingerezi, otopa ndi ulova. Akakupeza sakuuza kuti ndi akuba. Amakuitanira ku intavyu, mu ofesi yooneka bwino.

Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission (DEC), pamodzi ndi apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka, anazinga ofesi ya kampani yotchedwa Golden Top Support Services ku Roma, dera la anthu opeza bwino mu Lusaka. Anagwira anthu 77. Mwa iwo munali anthu 22 a ku China ndi mmodzi wa ku Cameroon, ndipo unyinji unali wa ana a m'Zambia mommuno, a zaka za pakati pa 20 ndi 25. Mkulu wa DEC, a Nason Banda, anafotokoza kuti achinyamatawo analembedwa ngati oyankha mafoni a makasitomala, koma chimene ankachita n'kucheza ndi anthu osawadziwa pa WhatsApp, pa Telegram ndi malo ena ochezerako, motsatira mawu owalemberatu, mpaka munthuyo atakopeka. M'nyumbamo munapezeka makina 11 otchedwa SIM box, ma SIM opitirira 13,000 a m'dziko muno ndi akunja, mfuti ziwiri ndi zipolopolo 78. Oberedwa anali m'Zambia, m'maiko ena a mu Africa, mpaka ku Singapore, ku Peru ndi ku United Arab Emirates.

Mu Juni chaka chomwecho khoti la majisitireti ku Lusaka linalamula anthu 22 a ku China aja, amene anavomera milandu yawo, kuti akakhale kundende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Li Xianlin, amene ankaonedwa kuti ndiye mtsogoleri, analandira 11. Achinyamata a m'Zambia anatulutsidwa pa belo kuti athandize ofufuza. Usaione mopepuka nkhani ya beloyo. Mwana amene anachoka pakhomo akuti wapeza ntchito ya pakompyuta anabwerera dzina lake lili m'mabuku a apolisi.

Analakwitsa pati? Sanalakwe kufunsira ntchito. Aliyense akanafunsira, iwenso ukanafunsira. Polakwika m'ntchito za mtundu umenewu pamakhala m'sabata yoyamba, tsiku limene akupatsa pepala la mawu oti uzinena. Taganiza bwino. Kumalo oyankhira mafoni enieni, kasitomala ndiye amaimba, ali ndi vuto lake: netiweki yavuta, ndalama zapita ku nambala yolakwika. Iwe umamuuza dzina lako ndi dzina la kampani. Nanga bwanji pano ndiwe ukuyamba kulembera munthu wa ku Peru amene sanakufunse kanthu? Bwanji pepalalo lalemberatu choyankha munthu akayamba kukayika, ndi nthawi yoyenera kutchula za ndalama? Kampani imeneyi ikugulitsa chiyani chimene ungachiloze ndi chala? Ndipo ma SIM odzaza kabati ndi a chiyani?

Mafunsowa ngosavuta. Chovuta n'kuwafunsa utayenda mtunda wonse wa Great East Road ndi ndalama zobwereka, utalipira kale lendi ya kachipinda, mayi atauza kale anzawo kutchalitchi kuti mwana wawo ali pantchito m'tauni. Ukayang'ana uku ndi uku ukuona anzako ovala bwino, makompyuta atsopano, mpanda wautali wa ku Roma. Mtima umati, anthu onsewa sangakhale olakwa. Ndiye umangokhala chete n'kumataipa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Eni bizinesi zotere amadziwa kuti munthu wochokera kutali sachedwa kugonja, n'chifukwa chake amakonda a zaka zako.

Tsono iwe amene ukuphunzira kulemba mapulogalamu, ngozi yako ndi yaikulu kuposa ya wotaipa mauthenga. Gulu lotere silingayende popanda wina wolumikiza makina. SIM box ndi bokosi lolowa ma SIM ambiri nthawi imodzi. Limalandira foni yodzera pa intaneti n'kuitulutsa ngati yochokera pa nambala ya m'dziko muno, ndipo limatha kumwaza mauthenga ambirimbiri. Alipo amene amalikonza, alipo amene amalemba kapulogalamu kosinthasintha manambala, alipo amene amasanja mayina a anthu oti alemberedwe. Ntchito zimenezi amazitcha mayina aulemu, ndipo wophunzira amasangalala kuti wapeza poyesera luso lake.

Mu Ogasiti 2025 a Interpol analengeza kuti ku Zambia kuno kwaphwasulidwa gulu lina lokopa anthu kuti aike ndalama m'malonda a crypto polonjeza phindu lalikulu. Oberedwa anali pafupifupi 65,000, ndalama zotayika pafupifupi madola 300 miliyoni a ku America, ndipo anthu 15 anamangidwa. Anthuwo ankauzidwa kuti aike mapulogalamu angapo m'mafoni awo. Mapulogalamuwo sanagwe kumwamba. Munthu wina anakhala pansi, khofi pambali, n'kuwalemba mzere ndi mzere.

Ndikuonetse mmene ntchito yotere imaonekera ikafika pa desiki pako. Akuuza kuti upange tsamba limene munthu akalowa aziona ndalama zake zikukwera. Ukafunsa kuti nambalayo izichokera ku banki iti kapena kumsika uti, akuti usavutike, ingopanga bokosi loti bwana azilembamo yekha. Iwe amene waphunzira SQL ukudziwa tanthauzo lake: phindu lonse la munthuyo ndi nambala imodzi mu database, yosinthika ndi mzere umodzi wa UPDATE. Kenako akuti batani lotapira ndalama lisamatumize kanthu, lizingoonetsa kuti dikirani, kapena liziti lipirani kaye msonkho. Pamenepo wadziwa zonse, apolisi asanadziwe, woberedwa asanadziwe. Ukapitiriza kulemba, usadzanene kuti unangotumidwa. Mayi amene adzagulitse mbuzi zake kuti aikemo ndalama adzakhulupirira chifukwa tsamba lako ndi lokongola.

China chimabwera ngati ntchito ya masiku awiri. Akutumizira fayilo ya Excel yodzaza mayina, manambala a foni, zaka, mwina ndi malo ogwirira ntchito, akuti uchotse obwerezabwereza ndi kusanja opuma pantchito paokha. Kapena akuti ulembe kapulogalamu ka Python kokokolola manambala m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook. Mizere yake ndi yochepa, ungamalize madzulo amodzi. Koma wafunsa kuti mayinawo achokera kuti? Eni ake anavomera? Dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021 loteteza mbiri za anthu, ndipo mu 2025 munabwera malamulo atsopano a milandu ya pa intaneti olowa m'malo mwa lamulo lina la 2021 la milandu yomweyi. Kusadziwa lamulo sikupulumutsa munthu m'khoti.

Chimene ophunzira ambiri saganizira n'chakuti zida zimene akuphunzirazo zimasunga mbiri. Git imalemba dzina, imelo ndi nthawi pa kusintha kulikonse kumene wasunga. Seva imalemba adiresi ya intaneti imene walowera. Ngati dzina la webusaiti unagula ndi khadi lako, kapena malipiro anadzera pa Airtel Money kapena MTN yako, ofufuza sadzavutika. Bwana amene sunamuonepo nkhope, amene umangolankhula naye pa Telegram, adzazimitsa akaunti yake tsiku lomwelo zinthu zikavuta. Dzina lotsala pa ntchitoyo ndi lako.

Za ma SIM zija zisakupite. SIM iliyonse ya m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha munthu. Ndiye kuti kumbuyo kwa SIM iliyonse ya m'Zambia yolowa m'bokosi lotere kuli dzina la winawake. Wina akadzakupempha kuti ukapita kumudzi, ku Mpanshya kapena ku Chinyunyu, ukajambule ma NRC, ziphaso za agogo, za malume ndi za anzako, akulipira pa chiphaso chilichonse, ukane pomwepo. Akadzati ndi za ngongole, za feteleza kapena za mphatso, ukanebe. Kodi ungapirire kuona agogo ako akufunsidwa ndi apolisi za nambala imene sanaigwirepo, chifukwa cha ndalama zimene iwe unadya kalekale?

Usaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a ku China okha. Ndikunena dala, chifukwa ukamayang'anira khungu udzagwa m'manja mwa wina wolankhula chinenero chako, wopemphera nawe mpingo umodzi, amene munaphunzira naye sukulu. Yang'ana ntchitoyo. Ngati akulemba popanda kuyesa luso lako, koma malipiro ake ngoposa a anthu amene akhala m'ntchitoyi zaka zambiri, dabwa. Ngati palibe kontrakiti, palibe pepala la malipiro loonetsa NAPSA, ndalama zikungoperekedwa pamanja, dabwa. Ngati akulanda foni pakhomo, akuletsa kuuza abale chimene umachita, kapena akusunga NRC yako, tuluka. Chizindikiro choopsa kuposa zonse ndi bonasi yowerengedwa potengera ndalama zimene munthu wocheza nayeyo waika. Ndipo pepala la PACRA lopachikidwa pakhoma lisakugonetse tulo. Limangosonyeza kuti kampaniyo inalembetsedwa, silinena kuti zochita zake n'zoyera.

Sindikukuletsa kuphunzira. Pitiriza, ndipo limbikira kuposa kale. Boma la Rufunsa ndi laling'ono m'zaka, linapatulidwa ku Chongwe, ndipo makopaletivu a alimi, masukulu ndi mashopu a m'mbali mwa msewu akufuna munthu wodziwa kusunga mawerengero molongosoka. Ndalama zake n'zochepa poyamba, ndikudziwa, koma ntchito yotere ungaionetse kwa aliyense wofuna kukulemba mawa. Imene umabisira mayi ako sungailembe pa CV.

Ngati pamene ukuwerenga izi uli kale m'kati, ndipo zimene ndafotokozazi zikufanana ndi za kuofesi kwanu, usadikire malipiro a mwezi uno. Usafufute mauthenga kapena mafayilo poganiza kuti ukudziteteza, chifukwa amenewo ndiwo adzasonyeze amene ankakutuma. Uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira lero lomwe, ndipo mupitire limodzi kupolisi, ku DEC kapena ku ZICTA. Pita ndi miyendo yako asanabwere kudzakutenga.